Kompyuta yati ubongo wa amuna anga wachepa

FUNSO

Zikomo adokotala,

Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma takhala ku Indiana, ku America, zaka 9 tsopano. Mu Januwale bambo a kunyumba anagundidwa kumbuyo ndi galimoto ina ataima pa maloboti, kunja kuli sinowo. Anamenyetsa mutu n'kukomoka kwa mphindi zochepa. Kuchipatala anawajambula CT, natiuza kuti m'mutu mulibe vuto, tizipita.

Koma munthu amene ndinabwera naye kunyumba tsiku limenelo si yemwe uja. Amaiwala poto pamoto. Ana akamasewera amati akuwasokosera, kutchalitchi amatuluka kwaya ikangoyamba, ndipo mutu suwapatsa mpata. Patatha miyezi 8, loya wathu anawatumiza ku MRI ina imene kompyuta imayeza kukula kwa ubongo, akuti NeuroQuant. Pepala labwera, ndipo pamzere wolembedwa kuti left hippocampus pali nambala 4 yofiira. Loya wasangalala, akuti umboni wapezeka. Bambo sakugona, akuti mbali imeneyo yatsala 4 pa 100, ndiye kuti akupita kumisala. Kodi ubongo wawo ukuthadi? Upitiriza kutha?

Mayi wodandaula, Indiana

YANKHO

Mayi, pepani ndi zimene zagwa pakhomo panu. Ndikonze kaye pang'ono: ine si dokotala. Ntchito yanga ndi yojambula odwala. Ndinayambira pa X-ray ndi CT kumudzi, kenaka ndakhala zaka zambiri ndikulowetsa anthu mu MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, kuno ku Britain. Mapepala ngati limene muli naloli ndawaona ambiri, ndipo nkhope za anthu owalandira ndimazidziwa.

Kawauzeni bambo lero lomwe, asanalowe m'bulangete, kuti nambala 4 ija sikunena kuti chatsala ndi 4 pa 100. Hippocampus ndi kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira, ndipo tilipo tiwiri, kena kumanzere, kena kumanja. Mukukumbuka mmene ankatifoletsera kusukulu, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo? Mutafoletsa amuna 100 a msinkhu wa bambo, kuyambira wa hippocampus yaing'ono kwambiri kulekeza wa yaikulu, iwo angaime chapafupi ndi kutsogolo, cha pa nambala 4 kapena 5. Basi. Pulogalamuyo anaiuza kuti aliyense wogwera pansi pa 5 izimulemba ndi zofiira. Koma pamzere uliwonse pamayenera kukhala wina woima pamenepo, ndipo mwana waufupi m'kalasi sikuti anafupikitsidwa ndi ngozi.

Tsopano ndinene mbali imene ili yoona m'mawu a bambo, chifukwa sindikufuna mumve ngati ndikuti akudzinamizira. Amene anaswapo mutu wa mbuzi akudziwa kufewa kwa bongo. Wathunso ndi wotero, wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 kapena 400, uli kuyandama m'timadzi m'kati mwa chigaza. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, mutu umakankhidwa n'kubwerera m'kanthawi kosakwana sekondi, ndipo ubongo umagwedezeka ndi kupotokola m'katimo. Timitsempha tonyamula mauthenga, toonda kuposa tsitsi, timakokeka. CT sinapangidwire kuona zimenezo. Ntchito yake ndi kufufuza magazi otayika ndi fupa losweka, zinthu zimene zingaphe munthu usiku womwewo. Ikati "mulibe vuto" imatanthauza kuti simukufunika opaleshoni. Mu 2013, ofufuza a kafukufuku wamkulu wa ku America konko wotchedwa TRACK-TBI anapeza kuti mwa anthu ovulala mutu pang'ono amene CT yawo inali yabwinobwino, 27 pa 100 alionse MRI inawaonetsa zipsera za ngoziyo.

Mawu akuti "pang'ono" amenewa ndimadana nawo. Madokotala amawanena potengera mmene munthu analili tsiku la ngozi: ngati anakomoka mphindi zosapitirira 30, ngati kusokonezeka kwa chikumbumtima chake cha zochitika sikunapitirire maola 24, ndiponso ngati anapeza 13 mpaka 15 pa muyezo wa Glasgow, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza mu 1974 poona ngati wodwala akutsegula maso, akuyankhula, ndiponso akugwedeza ziwalo akauzidwa. Mawuwo sanena kanthu za miyezi yotsatira. Ambiri amachira pakatha masabata ochepa, n'zoona. Koma kafukufuku yemwe uja wa TRACK-TBI anadzalengeza mu 2019 kuti mwa otere amene anafika kuzipatala zikuluzikulu za ngozi, oposa theka pang'ono anali asanabwerere mwakale chaka chitatha. Choncho poto woiwalika uja, ndi kuthawa kwaya kuja, bambo sali okha.

Nanga kompyutayo imachita chiyani kwenikweni? Wodwala amagona m'makina mphindi zingapo osagwedezeka, ife n'kujambula mutu wonse m'timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse pafupifupi milimita imodzi mbali zonse. Ubongo wa munthu wamkulu, umene ndi woposa lita imodzi pang'ono, umakwana timabokosi toposa 1 miliyoni. Pulogalamu imayang'ana kabokosi kalikonse, kuwala kwake ndi malo amene kali, n'kukapatsa dzina: aka ndi ka mbali yotuwa ya ubongo, aka ka mbali yoyera, aka ndi madzi, aka ndi ka hippocampus. Kenaka imangowerenga timabokosito. Imayezanso kukula kwa m'kati mwa chigaza, chifukwa fupa silibwerera m'mbuyo ngakhale ubongo utafota, ndiye limasunga mbiri ya mmene mutu unakulira. Pomaliza imayerekeza zimene yapeza ndi za anthu athanzi a msinkhu womwewo amene ali m'nkhokwe yake. Kale ntchito imeneyi inkachitika pamanja, katswiri akuzunguliza malire a chigawo chilichonse pachithunzi chimodzichimodzi, ndipo ubongo umodzi unkatha masiku. Lero ndi mphindi.

NeuroQuant inapangidwa ndi kampani ya CorTechs Labs ya ku San Diego, ndipo bungwe la boma la America loona za mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala, la FDA, linailola kugwiritsidwa ntchito m'zipatala mu 2006. Ili ndi anzake: icobrain ya ku Leuven, ku Belgium, ndi FreeSurfer, yaulere, imene ofufuza amaikonda, yochokera ku Massachusetts General Hospital ku Boston. Si zachinyengo ayi. Pa matenda oiwalaiwala a Alzheimer, pamene hippocampus imafota moonekeratu chaka ndi chaka, ndiponso pa mitundu ina ya khunyu, zimathandizadi. Chilolezo cha FDA chija, komabe, chimanena kuti pulogalamuyo imatha kuyeza. Kuti chinachepetsa chigawocho n'chiyani, pepalalo silinganene.

Loya wanu mwina adzakuonetsani kafukufuku wa Dr David Ross wa ku Virginia, wa mu 2013. Iye anatenga odwala 20 ovulala mutu. Madokotala oyang'ana zithunzi ndi maso anaona kufota mwa 2 okha, pomwe NeuroQuant inapeza mwa 10. Zoona, makina amaona zimene diso silingaone. Koma anthu 20 ndi ochepa, ndipo kupeza zambiri sikufanana ndi kupeza zolondola. Taonani masamu ake. Ngati malire ali pa 5 pa 100, ndiye kuti ngakhale mwa munthu amene sanagwepo n'kamodzi komwe, pa avereji chigawo chimodzi pa zigawo 20 zilizonse chituluka chofiira. Mapepala amenewa amayeza zigawo zambirimbiri, kumanja ndi kumanzere. Inenso mutandilowetsa m'makinamo mawa, sindingadabwe kutuluka ndi mzere wanga wofiira.

Pali kafukufuku wina amene ndimamulemekeza kwambiri, wa mu 2013 momwemo, wa gulu la Dr Yvonne Lui ku New York University. Iwo anajambula anthu osakwana 30 atangovulala, n'kudzajambulanso ambiri mwa iwo chaka chitatha, ndipo anapeza kuti ubongo wa gululi unachepa kuposa wa anzawo osavulala. Onani kusiyana kwake: anayeza kawiri, munthu yemweyo. Ndipo ngakhale apo, chimene chinaoneka ndi kusintha kochepa pa gulu lonse pamodzi, osati chizindikiro choti ungaloze nacho munthu mmodzi.

Apa mpamene ndimakumbukira kusikelo. Mayi anga ankanditenga popita ndi mlongo wanga wamng'ono, sikelo itapachikidwa panthambi ya mtengo wa mango, mwana akulira m'kabudula wansalu uja, alangizi a zaumoyo akudikira kuti muvi usiye kunjenjemera. Akatero ankadontheza kadontho pakhadi. Kadontho kamodzi sikankawauza zambiri. Mwana wina amabadwa wochepa thupi, makolo akenso ochepa, ndipo madontho ake amayenda m'munsi mwa khadi koma akukwera bwinobwino. Chimene chinkawadetsa nkhawa ndi mzere umene waima kapena wayamba kutsika. Bambo ali ndi kadontho kamodzi. Palibe anawayeza hippocampus mu Disembala ngozi isanachitike.

Ndipo n'zotheka ndithu kuti inali yotero kuyambira kale. Mu 2002, Mark Gilbertson ndi anzake anajambula asilikali a ku America amene anabwera ku nkhondo ya ku Vietnam ali ndi matenda aakulu a mantha, n'kupeza kuti hippocampus yawo ndi yaing'ono. Aliyense akanati nkhondo ndiyo yaifotetsa. Koma asilikaliwo anali mapasa ofanana, ndipo atajambula abale awo amene sanapiteko kunkhondo, anapeza kuti nawonso yawo ndi yaing'ono.

Zinthu zosuntha nambalayi n'zambiri. Ukalamba wokha umachotsa pafupifupi 0.2 peresenti ya ubongo pachaka munthu akapitirira zaka 35, n'kufika cha pa 0.5 peresenti akamakwana zaka 60. Mowa wa zaka zambiri, BP, shuga, HIV ndi matenda a nkhawa a nthawi yaitali zimasiya mapazi ake. Ngakhale ludzu: ku Germany mu 2005 anapeza kuti anthu atakhala maola 16 osamwa madzi, ubongo unatsika ndi theka la peresenti, atamwa n'kubwerera. Makina awiri osiyana amapereka manambala osiyana pamutu womwewo. Kugwedezeka nakonso. Sindiiwala bambo wina woyendetsa basi amene ndinamujambula katatu tsiku limodzi. Ankaopa kupanikizika m'makinamo, ndipo ankangomeza malovu, mutu n'kumasuntha pang'onopang'ono. Zithunzi ziwiri zoyamba, m'mphepete mwa ubongo munkaoneka ngati mwapakidwa ndi chala. Chithunzi chotero kompyuta siikana nthawi zonse. Imawerenga basi, ndipo kawirikawiri imapeza mbali yotuwa yocheperapo kuposa mmene ilili. Kachitatu ndinamuphimba maso ndi kansalu, n'kumamuyankhula pa maikolofoni, mpamene anakhazikika.

Chinanso, amuna 100 a pamzere aja ndi ayani? Mu 2022 akatswiri a ku Cambridge ndi ku Pennsylvania anasonkhanitsa zithunzi za anthu oposa 100,000 kuti apange khadi la kusikelo la ubongo, kuyambira mwana ali m'mimba mpaka zaka 100. Eni akewo anavomereza kuti ambiri mwa anthuwo anali ochokera ku Ulaya ndi ku North America. Munthu wokulira ku Ntcheu, amene mwina anadwalapo malungo aakulu ali mwana kapena anadutsa m'zaka za njala, akufoletsedwa ndi anthu amene ubwana wawo unali wina.

Sindikuti pepalalo mulitaye. Nkhani ya chipukuta misozi ndi ya inu ndi loya, ndipo iye akugwira ntchito imene munamulembera. Ingodziwani kuti a inshulansi nawo adzabwera ndi katswiri wawo wonena zonse ndanenazi, mwinanso mokalipa kuposa ine. Chimene ndikukana ndi chakuti pepala lokonzedwera kubwalo la milandu lisanduke chigamulo cha moyo wa bambo m'chipinda chanu chogona. Ndaonapo anthu akudwala ndi nambala kuposa mmene anadwalira ndi ngozi.

Pitani nalo kwa dokotala wa ubongo amene akuwathandiza, osati amene anasankhidwa ndi loya, ndipo mufunse izi. Kodi katswiri wa zithunzi anaona ndi maso ake kuti kompyuta inadula malire molondola? Kodi pa zithunzi zinazo, makamaka zofufuza timadontho ta magazi akale, panaoneka kanthu? Kodi bambo anajambulidwapo MRI kale pa chifukwa china chilichonse, ngakhale zaka 10 zapitazo? Chithunzi chakale chotero n'chamtengo kuposa pepala lonseli. Ngati dokotala aona kuti n'koyenera kuyezanso, zichitike patatha chaka, pamakina omwewo, nthawi yofanana ya tsiku.

Zoti upitiriza kutha, mtima ukhale m'malo. Kuvulala kamodzi kotereku kumakweza pang'ono chiopsezo cha matenda oiwalaiwala a kuukalamba, koma ochuluka kwambiri sadwala matendawo, ndipo nambala 4 ija siilosera zimenezo. Kuiwala kwa anthu ngati bambo nthawi zambiri kumadyetsedwa ndi kusagona, mutu wosaleka, ndi nkhawa. Munthu amene wagona maola atatu, mutu ukuwawa, akuganiza za mlandu ndi za ntchito, aiwala poto ngakhale hippocampus yake itakhala pa 90. Zitatu zonsezi zili ndi chithandizo. Pemphani kuti awatumize kwa neuropsychologist, amene amayeza kukumbukira ndi kutchera khutu kwenikweniko pogwiritsa ntchito mafunso ndi timasewera, chifukwa ndi pamenepo pamene mudzadziwe chimene chavuta ndi chochita nacho. Muwerengenso masiku amene akumwa mankhwala a mutu. Akamamwa pafupifupi tsiku lililonse, mankhwalawo amayamba kubweretsa mutu wawo. Kutchalitchi asasiye. Akhale kumbuyo pafupi ndi khomo, apirire nyimbo imodzi sabata ino, ziwiri sabata yamawa.

FUNSO

Akulu, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Lunzu. Masabata atatu apitawo ndinagwa pozemba galu, chipewa chinang'aluka, ndipo anzanga akuti ndinakhala kanthawi ndisakudziwa pomwe ndili. Kuchipatala anandisoka pachipumi n'kundibweza. Mpaka pano ndimamva chizungulire ndikatembenuka pabedi, ndipo dzuwa limandilasa m'maso. Achimwene anga ku Joni akuti ndigulitse njinga ndipite, kuli makina a kompyuta oyeza ngati ubongo wawonongeka. Nditero?

Wakabaza, Lunzu

YANKHO

Achimwene, njinga musagulitse. Werengani zimene ndawayankha mayi a ku Indiana pamwambapa, muona kuti mukabwerako ndi pepala la manambala limene silidzasintha kalikonse pa chithandizo chanu, njinga itapita. Komanso pa masabata atatu n'kumayambiriro kwambiri. Kufota, ngati kulipo, kumatenga miyezi, ndipo m'masiku oyamba malo ovulala amatha kukhala otupa, n'kuoneka aakulu.

Musaganize kuti kuyeza ubongo ndi nzeru ya kunja kokha. MRI imene inafika ku Queens mu 2008, kudzera mu ntchito ya Dr Terrie Taylor ndi anzake a Blantyre Malaria Project, ndi imene inaululira dziko lonse chimene chimapha ana a malungo a mu ubongo. Mu 2015 Dr Karl Seydel ndi gululo, momwe munalinso katswiri wathu wa zithunzi Dr Sam Kampondeni, analengeza kuti mwa ana amene anamwalira, 84 pa 100 ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27 pa 100. Kumeneko kusiyana kunali kwakukulu, koonekera ndi maso. Maginito a makina amenewo anali a mphamvu ya 0.35 tesla, pamene mapulogalamu ngati NeuroQuant anawakonzera makina a 1.5 kapena 3. Koma inu vuto lanu silikufuna zonsezo.

Chizungulire chobwera mukatembenuka pabedi, chokhala masekondi ochepa n'kuleka, nthawi zambiri chimachokera m'khutu, osati mu ubongo. M'katikati mwa khutu muli timiyala tating'ono kwambiri timene timasunthika munthu akamenyetsa mutu. Kauzeni a kuchipatala, makamaka a fizo, ndendende mmene mwandiuzira inemu. Pali kagonekedwe ndi katembenuzidwe ka mutu kotchedwa Epley kamene kamabwezeretsa timiyalato, ndipo ambiri amapeza bwino atawachita kamodzi kapena kawiri.

Koma mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti kuche: mutu womka nukulirakulira, kusanza mobwerezabwereza, tulo toti anthu akuvutika kukudzutsani, kufooka dzanja kapena mwendo mbali imodzi, lilime kulemera, kugwa ngati wakhunyu, kapena timadzi toyera kutuluka m'mphuno kapena m'khutu. Pamenepo pakufunika CT msanga, ndipo muwauze a pakhomo panu zizindikirozi lero, chifukwa zikadzayamba inuyo mwina simudzazizindikira. Magazi ena amadontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza n'kudzaonekera patatha masabata, makamaka kwa okalamba ndi okonda mowa.

Kugona m'nyumba yamdima kunali kwa tsiku loyamba ndi lachiwiri. Panopa muziyenda wapansi m'mawa ndi madzulo dzuwa litafewa, kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, n'kupumula mutu ukayamba kukalipa. Mowa muuleke kaye. Ndikudziwa kuti tsiku lililonse njinga ikaima ndi ndalama yapita, ndiye ibwereketseni kwa mnzanu wodalirika azikupatsani ya tsiku. Inu musakwerepo mpaka mutatha kucheuka msanga uku ndi uku popanda dziko kuzungulira, chifukwa kugwanso ubongo usanapole n'koopsa kuposa kugwa koyamba, ndipo kumbuyo kwanu kumakhala mwana wa eni. Chipewa chong'alukacho chinatha ntchito tsiku lomwe lija, ngakhale mutachimata ndi guluu. Ndalama imene achimwene amati akutumizireni ya basi ya ku Joni, apempheni ikhale ya chipewa china, cha lamba womanga pansi pa chibwano.